NBA 2K25 pa mphindi ziwiri zomaliza: gemu ndi yabwino, koma kochi wa kompyuta muchotseni pampando

Kwatsala masekondi 40, timu yanu ili m'mbuyo ndi mapointi awiri, ndipo wosewera amene wakugoletserani usiku wonse wakhala phee pa benchi, thaulo lili m'khosi. Simunamutulutse ndinu. Pa bolodi ya zigoli mwatsala ndi timeout imodzi (mpata woimitsa mpira kuti timu ikambirane), pomwe inu mumawerengera kuti muli nawo awiri. Aliyense amene amasewera gemu ya basiketibolo ya NBA 2K25 osagwirako ma setting ake zimenezi akuzidziwa, ndipo ambiri amangoti gemu yawabera. Sinabe ayi. Yangochita zimene anaiuza oipanga: kochi wa kompyuta ndiye amasintha osewera, ndiye amaitanitsa timeout, ndiyenso amalamula faulo yadala, mpaka inu mutamuletsa.

Gemuyi inatuluka mu September 2024. Anaipanga ndi a Visual Concepts, ogulitsa ndi a 2K, ndipo pachikuto pali Jayson Tatum wa Boston Celtics. Musanagule dziwani kuti dzina ndi limodzi koma magemu ndi awiri. Ya PS5, Xbox Series X|S ndi kompyuta ndiyo yatsopano, ili ndi MyNBA, mbali imene mumayendetsa timu nyengo yonse. Ya PS4, Xbox One ndi Switch ndi yamtundu wakale, ili ndi MyLEAGUE m'malo mwa MyNBA. Muno mu Harare, m'mashopu olipira pa gemu a ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, PS4 ikadali mfumu, choncho ndi bwino kunena kuti pafupifupi zonse za ukochi zimene zili m'munsimu zimapezeka konsekonse. Mayina a menyu ndi mabatani ndi a PlayStation.

Poyambira ndi Coach Settings. Imitsani gemu, lowani mu Options, mupeza mndandanda. Zosintha kwenikweni ndi zinayi. Timeouts ikani pa Manual. Substitution ikani pa Manual, kapena isiyeni pa Auto makota atatu oyamba n'kuisintha kota yachinayi ikamayamba, chifukwa kusintha osewera khumi pamanja gemu yonse n'kotopetsa. Late Game Fouling ikhalenso pa Manual. Chachinayi ndi Adaptive Coaching Engine, imene ambiri amangoti ACE. Iyi imayang'ana mmene mpira ukuyendera n'kumasintha kaseweredwe ka timu yanu yokha osakufunsani. Kwa woyamba kumene imathandiza. Koma kwa munthu amene wakhala pansi n'kukonza kuti wakuti amakidwe mwakuti, ACE ndi mlendo amene amalowa m'khitchini n'kuthira mchere m'ndiwo zothira kale. Izimitseni, makamaka mbali ya kutchinga.

Pa ma timeout m'pamene gemuyi imasiyanitsa wodziwa ndi wongodina mabatani. Imatsata malamulo a NBA, osati a FIBA, bungwe la basiketibolo la dziko lonse lapansi, amene timaonera ku City Sports Centre. Ku NBA timu ili ndi ma timeout 7 gemu yonse, koma sungalowe nawo opitirira 4 mu kota yachinayi, ndipo wotchi ikatsika pansi pa mphindi zitatu umatsala ndi awiri basi, ngakhale unasunga ambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti kuumira sikupindula. Ngati kwatsala 3:20 ndipo muli ndi ma timeout atatu kapena anayi, gwiritsani ntchito imodzi pomwepo, osewera apumeko, chifukwa ikupita ndithu. Awiri otsalawo ndiye muwasunge ngati mbewu.

Chifukwa chowasungira si kupuma. Pa mphindi ziwiri zomaliza za kota yachinayi ndi za nthawi yowonjezera, timeout imakulolani kukayambira mpira kutsogolo, m'chigawo cha adani, m'malo moyambira pansi pa ringi yanu. Bwalo la NBA ndi lalitali mafiti 94, ndipo kuyendetsa mpira kuchoka kumbuyo kufika poponyera kumadya masekondi atatu kapena anayi. Mukatsala ndi masekondi 4, timeout ndiyo imapangitsa kuti muponye mpira weniweni osati kungoutaya m'mwamba kuchokera pakati pa bwalo. Lamulo lili ndi mchira wake: timeout iitanitsidwe mpira usanayendetsedwe. Wogwira ribaundi (mpira wobwerera pa ringi woponya akaphonya) akangodunda mpira kapena kupatsira mnzake, mwayi wopita kutsogolo watha. Ndiye chala chichoke pa ndodo yakumanzere, dinani touchpad kaye.

Apa pali msampha umene oipanga akanayenera kuukonza kalekale. Touchpad yomweyo ndi timeout mukakhala ndi mpira, koma ndi faulo yadala mukakhala mukutchinga. Mdani waponya, mpira ukuzungulira pa ringi, inu ndi mtima wapachala mwadina msanga. Mpira sunafike m'manja mwa wosewera wanu, wagwidwa ndi mdani, ndipo munthu wanu wamukumbatira. Magemu ambiri olingana mapointi amathera pamenepo. Dikirani mpaka muone chizindikiro chili pansi pa mapazi a wosewera wanu ndipo mpira uli m'manja mwake. Kachigawo ka sekondi kamene mwataya podikira n'kotchipa poyerekeza ndi ma free throw awiri, mipira yaulere imene wochitidwa faulo amaponya ali pa mzere. Pa Xbox vuto ndi lomweli, batani lake ndi View.

Si nthawi zonse timeout ili yanzeru. Imakupatsani mpata wokonza, komanso imapatsa mdani mpata wolowetsa otchinga ake abwino n'kuima bwinobwino. Mu gemu yoyamba ya ma Finals a 2025, Indiana Pacers itagwira ribaundi ili m'mbuyo ndi pointi imodzi sinaimitse mpira, ndipo Tyrese Haliburton anagoletsa kutatsala masekondi 0.3, n'kugonjetsa Oklahoma City Thunder 111-110. Mu 2K nzeru imeneyi imagwira kwambiri, chifukwa osewera a kompyuta akamabwerera m'mbuyo mothamanga amasokonezana pa womumaka. Ngati kwatsala masekondi 8 kapena kuposa ndipo mpira uli kale ndi wosewera wanu wodalirika, thamangani nawo.

Tsopano za mafaulo. Wotchi ya kuponya ndi masekondi 24. Mukakhala m'mbuyo, chotsani 24 pa nthawi imene yatsala. Ngati kwatsala masekondi 22 ndipo mpira uli ndi mdani, palibe choganiza, chitani faulo, apo ayi angodunda mpira mpaka belu. Ngati kwatsala 33, kusiyana ndi masekondi 9, ndipo amenewo ndi okwanira kutchinga bwino, kugwira ribaundi, timeout, n'kuponya kamodzi. Pakati pa 25 ndi 29 m'povuta. Pamenepo yambani ndi kufinya: L1 kuti awiri amupanikize wa mpira masekondi asanu oyamba, zikakanika faulo. Late Game Fouling ikakhala pa Auto siganiza zonsezi. Imatumiza amene ali pafupi kukagwira amene ali ndi mpira, ngakhale akhale Stephen Curry, munthu woti pa ma free throw 10 amamwetsa 9. Pa Manual mukhoza kumukaniza Curry mpira, n'kudikira ufike kwa munthu wamanja olemera.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti faulo siitumiza munthu pa mzere pokhapokha mawu akuti BONUS atayaka. Ku NBA zimenezi zimachitika pa faulo yachisanu ya timu mu kota, kapena pa faulo yachiwiri m'mphindi ziwiri zomaliza ngati simunafike pamenepo. Anthu ambiri kuno amasewera makota a mphindi 5 kapena 6, ndipo mafaulo sachuluka. Ndiye mumapezeka mwachita faulo kutatsala masekondi 12, mdani akungoyambiranso mpira pambali, mukuyenera kumuthamangitsanso, masekondi ena atatu apita. Mukaona kuti gemu ikupita kofuna mafaulo, iwotcheni faulo yoyambayo msanga, kutatsala mphindi imodzi kapena kuposerapo. Mukakhala patsogolo zimatembenuka: faulo yaulereyo ndi chuma. Mdani ali ndi masekondi 7 oti aponye mpira womaliza, musiyeni adunde kawiri katatu, mugwireni kutatsala 3, ayambirenso pambali ndi nthawi yochepa. Onetsetsani kuti sanayambe kudumpha.

Za kugwira dala munthu wosadziwa ma free throw, zija zinatchuka ndi Shaquille O'Neal amene ankamwetsa pafupifupi theka lokha, zili ndi malire. Pa mphindi ziwiri zomaliza za kota, kugwira munthu amene alibe mpira ndipo sali m'sewerolo kumapatsa adani free throw imodzi ndi mpira womwe. Masamu ake nawonso ndi othina: woponya theka amakupatsani pointi imodzi pa ulendo, pomwe timu ya NBA ya masiku ano imapeza pafupifupi 1.1. Phindu lilipo koma ndi laling'ono. Ndipo zonsezi zilibe ntchito ngati Free Throw Timing ili pa User Timing ndipo mnzanuyo chala chake chinazolowera. Amene akufuna gemu yofanana ndi yeniyeni aike pa Real Player %, mu Controller Settings, kuti mpira ulowe kapena uphonye malinga ndi luso la wosewerayo.

Funso limene limakanganitsa anthu mpaka kombi kuwasiya ndi ili: muli patsogolo ndi mapointi 3, kwatsala masekondi ochepa, muchite faulo kapena mutchinge? Chitsanzo chimene aliyense wokonda basiketibolo amachidziwa ndi gemu yachisanu ndi chimodzi ya ma Finals a 2013. San Antonio Spurs inali patsogolo 95-92, kochi wake Gregg Popovich anali atamukhazika wamtali wake Tim Duncan pa benchi kuti alowetse othamanga omaka oponya patali. LeBron James anaphonya, Chris Bosh anagwira ribaundi pomwe panalibe wamtali womuletsa, anapatsira Ray Allen pakona, ndipo mpira unalowa kutatsala masekondi 5.2. Miami Heat inapambana 103-100 pa nthawi yowonjezera. Mu 2K25 chigamulo changa n'chakuti pansi pa masekondi 6 chitani faulo, pamwamba pa 10 tchingani. Chifukwa chake n'chakuti kuvuta kwa gemu kukakhala pa All-Star kupita m'mwamba, woponya wabwino akangopeza kampata mpira umalowa, pomwe kuti mdani amwetse free throw yoyamba, aphonye dala yachiwiri, agwire ribaundi n'kugoletsanso, pamafunika zinthu zinayi zitheke motsatizana. Choopsa ndi chimodzi: kumugwira akuponya kale, zimene zimamupatsa ma free throw atatu. Mugwireni akudunda, msana kapena phewa lili kwa inu, chapatali ndi mzere. Mukatero lowetsani amtali anu awiri asanaponye free throw yomaliza. Phunziro la Duncan ndi limenelo.

Kusintha osewera n'kosavuta mukadziwa pamene pali njira yachidule. D-pad pansi imatsegula menyu, ndipo muli magulu okonzeratu monga 3PT, Free Throw ndi Defense. Musawakhulupirire osayang'ana. Gulu la Free Throw likhoza kukusiyani opanda wogwira ribaundi, la Defense likhoza kukusiyani opanda woyendetsa mpira. Kumbukiraninso kuti ku NBA mdani akagoletsa simungasinthe munthu popanda timeout, ngakhale wotchi yaima. Mipata yake ndi faulo, mpira kutuluka kunja, ndi pa ma free throw. Choncho sankhiranitu wolowa mpira ukuyenda, kuti ukangoima alowe. Mu MyNBA ndi MyLEAGUE ntchito yaikulu imachitikira mu Coach Gameplan, mmene mumagawa mphindi 240 za gemu kwa osewera anu. Katswiri wanu mupumitseni kumapeto kwa kota yachitatu ndi mphindi zitatu zoyamba za yachinayi. Wosewera wotopa mu gemuyi amachedwa kutembenuka ndipo mipira yake imagwera pafupi, ndiye amene wasewera kota yonse ndi R2, batani lothamangira, yopanikiza amafika pa mphindi yomaliza miyendo ili zii.

Defensive Settings ndiye mbali imene gemuyi ilibe mnzake. Mukhoza kupereka malangizo a timu yonse kapena a mdani mmodzimmodzi. Pamene mdani akufunika mapointi 3, On-Ball Pressure (kumaka wa mpira) ikhale Tight kapena Smother, Off-Ball Pressure (kumaka opanda mpira) ikhale Deny pa oponya ake awiri abwino, On-Ball Screen ikhale Switch All kuti osewera anu azisinthana owamaka akatchingidwa, ndipo Drive Help ikhale No Help. Chomalizachi n'chofunika kuposa zonse. Osewera anu a kompyuta anaphunzitsidwa kuthamangira pansi pa ringi akaona mdani akulowa, ndipo amasiya wa pakona ali yekha. Inu mukufuna kuti wolowayo agoletse mapointi ake awiri mwamtendere. Pamene mdani akufunika awiri okha, bwezerani thandizolo ndipo musaike Smother pa munthu waliwiro, akudutsani ngati mwaima. Switch All nayo ili ndi mtengo wake, imatha kusiya wamfupi wanu akulimbana ndi chimphona ngati Nikola Jokić pansi pa ringi. Pa sewero limodzi lomaliza zimapiririka, pa kota yonse ayi.

Chodandaulitsa n'chakuti zonsezi zili mkati mwa ma menyu ambiri, ndipo kuzisintha pa timeout imodzi mnzanu akukuyang'anani m'maso n'kovuta. Konzani za mdani mmodzimmodzi gemu isanayambe, pa timeout muzingogwira ziwiri kapena zitatu. Points of Emphasis ndiyo yofulumira: Limit Perimeter Shots mukamateteza mapointi 3, Crash Defensive Glass mukamafuna ribaundi imodzi yotseka gemu, Limit Transition ndi Patient Offense mukamadya nthawi, Crash Offensive Glass pokhapokha muli m'mbuyo ndipo palibe chotaya.

Kutsogolo nkhani ndi ya wotchi. Kota ikatsala ndi masekondi pakati pa 32 ndi 38, ponyani msanga kuti mdani akamaliza 24 ake mpira ubwerere kwa inu. Mukatero mwaponya kawiri iye kamodzi. Mapointi akalingana ndipo wotchi ya kuponya yazima, musayambe kulowa kusanatsale masekondi 7 kapena 6, ndipo mpira uchoke m'manja kutatsala 2, kuti mukaphonya mdani asapeze kanthu. Mukakhala m'mbuyo ponyani kutatsala 8 kapena 10, mpata wa ribaundi kapena faulo ukhalepo. Ribaundi ya kutsogolo imabwezera wotchi pa 14, osati 24, ndiye mukakhala patsogolo itulutseni kunja m'malo mobwereza kuponya pomwepo. Sewero lodalirika ndi losavuta: gwirani L1 kuitana wamtali adzatchinge womaka wanu, oponya awiri akhale m'makona. Masewero ataliatali a m'buku la kochi amadya masekondi 10 anthu asanafike m'malo awo, ndipo pa mphindi yomaliza nthawi imeneyo palibe. Poyambira mpira pambali muli ndi masekondi 5. Gwiritsani R1 kuti musankhe wolandira ndi batani lake, chifukwa kupatsira ndi X yokha kumatumiza mpira kwa amene gemu yamuganizira. Kukatsala masekondi ochepera 0.3 lamulo silola kugwira n'kuponya, koma kungougunda m'mwamba pafupi ndi ringi.

Nanga kompyuta ikakhala mdani wanu? Apa gemu imatsika. Imadziwa kuchita faulo ikakhala m'mbuyo ndipo imadziwa kuitanitsa timeout yopititsa mpira kutsogolo. Koma kawirikawiri imachedwa kuyamba sewero lomaliza, n'kumaliza ndi mpira wokakamiza munthu ali pamphuno. Ikakhala patsogolo ndi 3 imakonda kutchinga wamba, osaganiza za faulo. Kukweza kuchoka pa All-Star kupita pa Superstar kapena Hall of Fame kumaipangitsa kumwetsa mipira yovuta ndi kulanda mipira yambiri, koma nzeru za kochi wake sizikula molingana. Amene akufuna mpikisano wa maganizo aupeza kwa munthu mnzake pa kontirola yachiwiri.

MyNBA Eras, imene ili pa makina atsopano okha, imasintha masamu onsewa mokoma. Mukhoza kuyambira nyengo ya Magic Johnson ndi Larry Bird, ya Michael Jordan, ya Kobe Bryant, ya LeBron James, kapena ya Stephen Curry imene inawonjezedwa mu 2K25. Malamulo amatsata nyengo. Kutchinga kwa zoni, komaka malo osati munthu, kunaloledwa mu 2001, ndipo lamulo la masekondi 14 linabwera mu 2018, choncho mu nyengo ya Jordan ribaundi ya kutsogolo imakupatsani 24 athunthu, zimene zimapha gemu mukakhala patsogolo. Kwa amene alibe nthawi yosewera magemu 82, SimCast imakulolani kuti kompyuta iyendetse gemu inu mukuyang'ana, n'kulowa nokha kota yachinayi ikafika pothina. Ndi njira yabwino yophunzirira zonse zili pamwambazi, chifukwa madzulo amodzi mukhoza kusewera mathero asanu kapena asanu ndi limodzi.

Za kuno kwathu. Gemu ya makina atsopano imaposa 100 GB, ndipo ngakhale mugule disiki pamakhalabe zambiri zokoka pa intaneti, ndiye musayese ndi bandulo ya pafoni. Funsani wogulitsa ngati angakuikireni pa Wi-Fi ya pashopu. MyCAREER ndi MyTEAM zimafuna intaneti ndipo zimakukokerani kugula VC, ndalama za mu gemu, ndi ndalama zenizeni, komanso ma seva a gemu iliyonse ya 2K amatsekedwa pakatha zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. MyNBA, MyLEAGUE ndi Play Now (yongosankha matimu n'kusewera gemu imodzi) sizifuna VC ndipo zimaseweredwa popanda intaneti, choncho disiki yogula kwa munthu ikadali ndi ntchito. Magetsi akathima pakati pa gemu ya Play Now, yapita. Gemu ya makota a mphindi 12 imatenga ola ndi kuposa, ndiye amene alibe inveta kapena sola asankhe mphindi 6 kapena 8. Pa intaneti, kuchedwa pang'ono kwa batani kumapangitsa msampha wa touchpad uja kukhala woipa kawiri.

Kwa munthu wofuna MyNBA kapena kusewera ndi mnzake pampando umodzi, NBA 2K25 ndi yoyenera kugula, makamaka ikatsika mtengo. Kwa amene ali kale ndi 2K24 ndipo chidwi chake chili pa ukochi wokha, kusiyana kwa ma menyu amenewa n'kochepa, ndalamayo ikhoza kudikira. Kwa eni mashopu a magemu, pempho ndi limodzi: gwirizanani malamulo anthu asanayambe kusewera. Makota a mphindi zingati, All-Star kapena Superstar, free throw ya chala kapena Real Player %, ndiponso ngati munthu akuloledwa kuimitsa gemu kuti asinthe ma setting kapena azichita pa timeout yake yokha. Mulembe papepala mumate pakhoma pafupi ndi TV, ndipo aliyense wotenga kontirola ayambe wayang'ana Coach Settings, chifukwa amene anasewera m'mawa akhoza kukhala atasiya zonse pa Auto.